Scroll saw ya kaunjika ikamangothyola mipeni: poyambira kufufuza

Makina a scroll saw, odulira zilembo ndi zokongoletsa m'matabwa ndi kampeni kopyapyala kokwera ndi kutsika, amene amafika kuno ku Tete ambiri sakhala atsopano. Ena amabwera ndi abale ochokera ku Joni atakulungidwa m'bulangete pamodzi ndi magirayinda ndi madirilo, ena amagulitsidwa ndi anthu amene ntchito yawathera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, ena amalowera pa Calómuè kapena pa Zóbuè kuchokera ku Malawi. Wogulitsa amalumikiza pulagi, mkono wa makina n'kuyamba kukwera ndi kutsika, wogula n'kuwerenga ndalama. Mavuto amakayambira ku ofisina. Mpeni woyamba uthyoka chilembo chimodzi cha chikwangwani chisanathe, wachiwiri usololoka m'chopanira, wachitatu udula mokhota, ndipo benchi yonse ikunjenjemera mpaka misomali kugwera pansi.

Sipapita nthawi, makinawo amapezeka ali pakona, pamwamba pake pali chitini cha guluu, mwini wake akuti anagula chakufa. Ena amathamangira kwa okulunga mamota. Zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa mota ya scroll saw sigwira ntchito yolemetsa. Zambiri ndi za mawati 70 mpaka 150 okha, ndipo zimakhalitsa kuposa china chilichonse pa makinawo. Zimene zimatha ndi tizitsulo timene timagwira mpeni ndi malo amene mikono imayendera. Ndiye kufufuza kuyambire kumpeni kubwerera chakumbuyo, mota ikhale yomalizira.

Yambani mwawerenga kachitsulo ka kumbali

Pulagi isanalowe m'soketi, pukutani kachitsulo kapena kapepala kamene kamamatidwa pa mota, muwerenge. Magetsi athu ndi a 220V, 50Hz. A ku South Africa ndi ku Malawi ndi a 230V, 50Hz, choncho makina ochokera kumeneko amayenda bwinobwino. Koma makina opangidwira ku America ndi ku Canada amalembedwa 120V, 60Hz, ndipo oterewa mukawalumikiza mwachindunji amalira kamphindi kochepa, kenako utsi. Amafuna thiransifoma yotsitsa 220 kufika pa 110, ya mawati 300 kapena 500 imakwana. Dziwani kuti thiransifoma sisintha ma Hz. Mota yopanda mabulashi (timakala tolowetsa magetsi mkati mwa mota) yolembedwa 1725 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 1725 pa mphindi, idzayenda cha m'ma 1430 kuno, ndipo idzatentha msanga. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumene kumazizira zimapiririka, koma mumzinda wa Tete, ku Changara kapena ku Mutarara, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kukadutsa madigiri 40, muziipumitsa pafupipafupi.

Onaninso pulagi. Ya ku Joni ili ndi miyendo itatu yozungulira ikuluikulu, ya ku Malawi itatu yamakona, pomwe masoketi ambiri a m'nyumba zathu amalandira iwiri yozungulira. Anthu amangodula pulagiyo n'kulumikiza mawaya awiri, waya wobiriwira ndi chikasu n'kutsala ukulendewera. Waya umenewo ndi wa ethi, woteteza kuti magetsi asakugwireni. Tebulo la makinawa ndi lachitsulo ndipo manja anu onse awiri amakhala pomwepo tsiku lonse, nthawi zina mutaponda pansi ponyowa. Ulumikizeni.

Mpeni wake ndi uti?

Mipeni ya scroll saw ilipo ya mitundu iwiri. Ina ili ndi kapini kopingasa kumapeto konse kuwiri, imangokoledwa m'kampata. Ina ilibe mapini, imapanidwa ndi sikuluwu. Yonse ndi yotalika mamilimita 127 mpaka 130. Makina otchipa ambiri amalandira ya mapini, ena amalandira yonse iwiri, pomwe apamwamba monga Hegner ndi DeWalt DW788 amayendera yopanda mapini. Kusiyana kwake kumaonekera pa ntchito: wa mapini umafuna bowo la mamilimita 5 kapena kuposa kuti ulowe mkati mwa thabwa, ndiye mkati mwa chilembo chaching'ono ngati A kapena R sulowa. Wopanda mapini umadutsa m'kabowo ka milimita imodzi kapena iwiri.

Mukapita kusitolo ya ferragem nyamulani chidutswa cha mpeni wothyokawo m'thumba. Mukangoti mukufuna lâmina ya serra tico-tico adzakupatsani mipeni ya jigsaw ya pamanja, yomwe ndi ina. Mipeni ya kasowo ka pamanja kotchedwa coping saw nayonso imanyenga maso chifukwa ili ndi mapini, koma ndi yaitali pafupifupi mamilimita 165 ndipo ndi yokhuthala. Imene imagwirizana ndi ya kasowo kena ka pamanja kodulira zokongoletsa m'matabwa, ya mamilimita 130 yopanda mapini.

Mano aloze pansi ndi kutsogolo kumene inu mwakhala. Pitirizani chala pa mpeni: chikamatsika chidutse mosalala, chikamakwera chikodwe. Mukauika chozondoka thabwa limadumphadumpha pa tebulo, ndipo makina ambiri a kaunjika amagulitsidwa ali ndi mpeni wozondoka chonchi chifukwa wogulitsayo sanadulirepo.

Chidutswa chothyokacho musataye

Malo amene mpeni wathyokera ndi amene amanena kumene kuli vuto. Tolani zidutswa zonse ziwiri, muziike pa pepala loyera, muziyang'anitsitse.

Ngati wathyokera pakati, pamene umakhudza thabwa, ndipo pamalopo pasanduka buluu kapena bulauni, wapsa ndi kutentha. Apa makina alibe mlandu. Mwina mukukankha thabwa kwambiri, mwina mpeni unabuntha kale, mwina ndi waung'ono pa thabwalo. Mipeni yopanda mapini ili ndi manambala: nambala 2 ndi 3 ndi ya pulayiwudi yopyapyala ya mamilimita 3 mpaka 6, nambala 5 imakwana ntchito zambiri mpaka cha m'ma 18, nambala 7 ndi 9 ndi ya matabwa okhuthala kapena olimba, 12 ndi ya okhuthala kwambiri. Nambala ikamakwera mpeni umanenepa ndipo mano amatalikirana. Mano otalikirana amatulutsa utuchi. Othithikana amaudzaza m'mpata, utuchiwo n'kumapsa. Komanso pa thabwa lopyapyala mano atatu azikhala ali m'thabwa nthawi zonse, apo ayi mpeni umakoka thabwa n'kulithethetsa.

Mitengo yathu siyofanana ndi imene opanga makinawa ankayesera. Paini ndi wofewa koma utomoni wake umamata mano, makamaka ngati sanaume. Mlombwa ndi mbawa zimadulika bwino mukapanda kupupuluma. Tsanya ndi phingo zimabunthitsa mpeni m'kanthawi kochepa, ndipo ine sindilola tsanya wokhuthala kuposa chala kukwera pa makinawa. Pulayiwudi ndi MDF (matabwa a utuchi wopanikiza) zimaoneka zofewa koma guluu wake amadya mano. Pa mtengo wolimba chepetsani liwiro ngati makina anu amalola, ndipo matani tepi yoonekera mkati ija, yomatira makatoni, pamwamba pa mzere wodula. Imachepetsa kupserera kwa m'mbali.

Pali china chimene ambiri sachiona. Mpeni umakwera ndi kutsika pafupifupi masentimita awiri okha, choncho mano amene amagwira ntchito ndi ochepa, a pafupi ndi tebulo. Akabuntha amenewo, a pamwamba amakhala akadali atsopano. Dulani pulayiwudi ya mamilimita 18 kukula ngati tebulo, mubowole pakati, muipane pamwamba pa tebulo lachitsulo. Thabwa lanu lakwera, mano atsopano ayamba ntchito. Kwa ife amene mipeni timachita kuitanitsa ku Beira, ku Lilongwe kapena ku Joni, kapulayiwudi kameneka kamapulumutsa meticais ambiri.

Ngati wathyokera kumapeto, pafupi ndi chopanira, ndipo kansonga kotsala m'chopaniramo kapindika, vuto lili m'chopanira. Chopanira cha mipeni yopanda mapini chili ndi masikuluwu awiri oyang'anizana: ina ya mutu waukulu imene mumamanga ndi zala, ina yaing'ono yopanda mutu, ya Allen key, imene imakhala phee kutsidya. Mpeni umapanidwa pakati pa nsonga ziwirizi. Chifukwa cha kunjenjemera, yaing'onoyo imabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kusiya kadzenje. Mukamanga yaikuluyo imakankhira mpeni m'kadzenjemo, mpeni n'kupindika, ndipo ukakwera ndi kutsika kokwana 1,400 pa mphindi imodzi uli wopindika chonchi, suchedwa kuduka. Lowetsani yaing'onoyo mpaka nsonga yake ioneke pang'ono mkati mwa mpata, mpeni ukhale pakatikati. Chitani chimodzimodzi kumunsi, ndipo muonetsetse kuti chopanira cha m'mwamba ndi cha m'munsi zili pa mzere umodzi. Dontho la kyutekisi pa mazinga a sikuluwu yaing'onoyo limailetsa kubwereranso, koma mukafuna kumasula imamasuka.

Ngati mpeni sunathyoke koma wangosololoka ndi phokoso lodzidzimutsa lija, pali zifukwa ziwiri ndipo kawirikawiri zimayendera limodzi. Mipeni yatsopano imabwera itapakidwa mafuta kuti isachite dzimbiri, mafutawo amasamukira m'chopanira. Komanso nsonga za masikuluwu pa makina akale zimakhala zitasalala mpaka kunyezimira, nthawi zina zili ndi kampata kamene mipeni ya mwini wakale inakumba. Pukutani mapeto a mpeni uliwonse ndi sipiriti, muwakhule pang'ono ndi sandipepa. Masikuluwu atulutseni onse. Tengani kathabwa, mubowole bowo lothina, mulowetse sikuluwu mpaka nsonga ituluke pang'ono kunsi, kenaka mukhute kathabwako pa sandipepa ya 220 yoyalidwa pa galasi kapena pa tebulo la makina omwewo. Kathabwako kamathandiza kuti nsonga ikhale yafulati. Mukakhuta chogwira m'manja imatuluka yozungulira, ndiye kugwira kwake kumachepa kuposa kale.

Chonde, pulayala isafike pa sikuluwu ya zala. Mpeni ukamasololoka munthu amapsa mtima n'kumanga ndi mphamvu zonse. Zopanira zambiri ndi za aluminiyamu, mazinga amatha, milomo ya chopanira imakanuka, ndipo kuyambira pamenepo palibe mpeni umene udzagwirenso. Ngati mwagula makina ali kale chonchi, onani ngati pali mnofu wokwanira kuzungulira bowo, mukadulitse mazinga atsopano okulirapo, a M5 (mamilimita 5) akhale a M6. Amisiri a lathe, makina osemera zitsulo, a ku Matundo kapena ku Vila Ulongué angathenso kukusemerani china chachitsulo mukawapatsa chakalecho, koma muwauze kuti chisanenepe. Kulemera kulikonse kowonjezera kunsonga ya mkono kumasanduka kunjenjemera.

Pa makina a mapini zimene zimatha ndi kampata kokolera kapini. Kakafufutika kapini kamadumpha. Kakumbeni pang'ono ndi tupa laling'ono la makona atatu, m'mwamba ndi m'munsi mofanana.

Kukunga

Mipeni yambiri imathyoka chifukwa cholendewera, osati chifukwa chokungika kwambiri. Ongoyamba kumene amaopa kukunga poganiza kuti kanthu kopyapyala chonchi kaduka. Koma mpeni wolendewera umapindikira kumbuyo mukamakankha thabwa, n'kuwongoka, n'kupindikanso, ndipo chitsulo chimatopa. Ukungeni, kenaka muukhwatule ndi chala. Uzilira mawu okwera, omveka bwino, ngati waya wa bangwe yochunidwa kumene. Mukaukankha chammbali ndi chala usapatuke kuposa mamilimita 3.

Ngati mukukunga koma pakapita mphindi zochepa wafooka, yambani mwaona ngati sukusololoka pang'onopang'ono m'chopanira: lembani kachizindikiro ndi maka pamene mpeni walowera, mudule pang'ono, muone ngati kasuntha. Ngati sikanasunthe pitani kumbuyo kwa makina. Ambiri ali ndi kandodo kachitsulo ka mazinga kolumikiza mkono wa m'mwamba ndi wa m'munsi, kamutu kake kotembenuza kali pamwamba. Mazinga ake amatha, ndipo timanati tamphako timene timakhala m'tizenje ta mikono timatuluka m'malo mwake. Tsegulani chivundikiro muone. Kandodoko kakatha mungagwiritse ntchito bawuti yaitali ya mazinga ofanana. Makina amene ali ndi kalivala kokungira kutsogolo, kamtunda kake kamadyeka kakakhala kouma, ndiye kapakeni girizi pang'ono. Poweruka madzulo muzimasula mpeni, usagone wokungika.

Kunjenjemera ndi kugogoda

Scroll saw iliyonse imanjenjemera pang'ono, koma ikamayenda yokha pa benchi kapena mzere wa pensulo ukamaoneka pawiri, pali chofunika kukonza. Choyamba ndi chapafupi: imangireni pa benchi yolemera ndi mabawuti, pakati muyale mphira wa chubu cha galimoto, ndipo pa shelefu ya pansi muike thumba la mchenga. Pa simenti yosalingana, benchi ya miyendo itatu imakhazikika kuposa ya inayi. Makina ambiri otchipa ali ndi liwiro lina pakatikati pamene amanjenjemera kwambiri, mukakweza kapena kutsitsa pang'ono amadekha.

Zikapitirira, zulani pulagi, chotsani mpeni, mugwire nsonga ya mkono wa m'mwamba n'kuugwedezera kumanja ndi kumanzere. Chitaninso ndi wa m'munsi. Suyenera kusewera. Ngati mukumva kuti khwekhwe, pamene mkono umazungulira patha, ndipo chimenechi ndi chifukwa china chothyolera mipeni kumapeto. Njira ina yoonera ndi kuika pepala loyera kuseri kwa mpeni makina akuyenda pang'onopang'ono, inu n'kuyang'ana kuchokera kutsogolo. Mpeni wabwino umaoneka kamzere kamodzi kakuda. Ukaoneka wotambasuka, wachimbuuzi, ndiye kuti ukupita uku ndi uku.

Pa makina ang'onoang'ono mikono imazungulira pa bawuti yodutsa m'mabushi, timapaipi tifupitifupi ta buronzi. Nthawi zambiri simupeza dontho la oyilo m'menemo, mumangopeza phala louma la utuchi ndi girizi wakale. Tsukani ndi parafini, muthire oyilo wa injini madontho awiri atatu, mumange bawuti mpaka kusewera kuthe koma mkono uziyendabe ndi chala chimodzi. Pakatsala kampata chammbali dulani washala wopyapyala ku chitini cha zakumwa. Mabushi akakula bowo, wa lathe akhoza kusema ena.

Kugogoda kwa gu gu gu kumene kumathamanga pamodzi ndi liwiro kumachokera pansi, pamene mota imalumikizana ndi mkono wa m'munsi. Pa shafiti ya mota pali chitsulo chozungulira chimene bowo lake silili pakati, pamodzi ndi cholemera cholinganiza, ndipo kuchokera apo pali kachitsulo kafupi ka mabering'i awiri kokokera mkono. Musanamasule kanthu jambulani ndi foni, ndipo muzijambula pa sitepe iliyonse, chifukwa mawashala a m'menemo amafanana koma malo ake ndi osiyana. Yambani ndi kasikuluwu kopanda mutu kamene kamagwira cholemeracho. Kayenera kukhala pa malo afulati a shafiti, ndipo kakamasuka makina amagogoda ngati aphwasuka pomwe palibe chathyoka. Kenaka zungulitsani bering'i iliyonse ndi chala. Ikamamveka mchengamchenga kapena ikamakodwa, yatha.

Apa pali nkhani yabwino. Mabering'i ambiri a m'makinawa si apadera. Nambala yake imalembedwa m'mbali mwa chotsekera, ndipo nambala imodzi ndi saizi imodzi dziko lonse lapansi: 608 ndi ya mamilimita 8 mkati, 22 kunja, 7 kunenepa, pomwe 6202 ndi ya 15, 35 ndi 11. Ogulitsa zida za njinga zamoto, amene ku Angónia kuno ali pa msika uliwonse, amasunga za 6201 ndi 6202, ndipo okonza magirayinda amakhala ndi zing'onozing'ono. Sankhani yolembedwa 2RS kumapeto, ya zotsekera za mphira, chifukwa imakana utuchi kuposa ya ZZ. Poilowetsa menyani pa mkombero wakunja kudzera pa soketi sipanala yofanana nayo kukula, osati pakati. Makina akuluakulu ena ali ndi mabering'i a singano okhala ndi kapaipi mkati. Amenewo kawirikawiri amangofuna kutsuka ndi girizi watsopano, pokhapokha kapaipiko katachita mizere.

Ikudula mokhota

Pali kukhota kuwiri. Ngati mpeni ukukokera kumanja mukamatsata mzere wowongoka, si vuto la makina. Mipeni yambiri yotchipa imatuluka ku fakitale ili ndi kamphepete kakuthwa mbali imodzi, ndiye imadya kwambiri mbali imeneyo. Potolozani thabwa pang'ono polowetsa, lili chigonere pa tebulo, manja azolowera. Scroll saw siyendera fensi yotsamizapo thabwa kuti liwongoke ngati makina ong'ambira matabwa.

Kukhota kwina ndi kwa m'mbali mwa chodulidwacho, pamwamba ndi pansi posalingana. Musakhulupirire kamuvi ka madigiri ka pansi pa tebulo, pa makina akale kamakhala katapindika. Tengani kathabwa kokhuthala ka mbali zowongoka, mukalowetse pa mpeni pang'ono kuti kachekeke kamzere, muzimitse, kenaka mukazungulitse osakatembenuza chadodolido, mukabweretse kuseri kwa mpeni. Msana wa mpeni ukalowa m'kamzereko mosavuta, tebulo lili bwino. Ukapanda kulowa, masulani tebulo mulisunthe theka la kusiyanako, muyesenso. Mukapeza malo ake, wongolani kamuvi kaja kaloze pa 0. Ngati tebulo lili bwino koma m'mbali mukutuluka mimba, mukukankhira thabwa chammbali pokhota, kapena mpeni walendewera.

Kathabwa kozungulira ka pakati pa tebulo, kamene mpeni umadutsamo, nthawi zambiri kamakhala katatayika. Popanda iko tizidutswa timagwera pansi n'kukakodwa m'chopanira, ndipo pulayiwudi imathetheka kunsi. Semani kena ka pulasitiki kapena ka pulayiwudi, kalingane ndi tebulo osatumphuka.

Tsopano mota

Ikangoti zii, osalira n'komwe, yambani ndi soketi, fyuzi ya m'pulagi ngati ndi ya ku Malawi, fyuzi ya pa makina ngati ilipo, ndi chingwe chonse, makamaka polowera m'makina ndi pamene makoswe afika. Kenaka swichi. Utuchi wosalala umalowa mkati mwake n'kutchinga, ndiye zulani pulagi muipope ndi pampu ya njinga. Makina ena ali ndi swichi ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene imadzizimitsa magetsi akathima ndipo simagwira ngati mphamvu yatsika kwambiri. Ngati makina amakana madzulo okha, anthu onse atayatsa, koma m'mawa amadzuka, swichiyo ndi yabwino.

Ikamang'ung'udza koma osazungulira, zimitsani msanga. Zulani pulagi muyendetse mkono ndi dzanja. Ngati ndi wolimba, china chagwira: bering'i, chidutswa cha thabwa, kapena chisa cha dothi cha mavu, amene amakonda kuumba m'mabowo a mota ya makina ogonera. Ngati ukuyenda mofewa, ndipo mota ndi ya liwiro limodzi yopanda mabulashi, kaikirani kapasita, kachitini koyera kapena kakuda ka mawaya awiri. Yotupa, yong'aluka kapena yotuluka mafuta yafa, ngakhale ina imafa ikuoneka bwino. Gulani ya ma µF ofanana ndi olembedwapo, ya 400V kapena 450V. Okonza mafani ndi mapampu a madzi amakhala nazo. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho gunditsani miyendo yake iwiri ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki musanaikhudze.

Makina osintha liwiro ambiri ali ndi mota ya mabulashi ndi kabolodi ka magetsi. Ikamadukizadukiza, kuthetheka moto kapena kufuna kumenyedwa kuti idzuke, tsegulani tizivundikiro tiwiri takuda ta m'mbali mwa mota muone mabulashi. Akatsala ofupika kuposa mamilimita 6, kapena sipuling'i ikapsa, asintheni onse awiri. Mukasowa enieni, a girayinda okulirapo pang'ono amakhulidwa pa sandipepa mpaka alowe momasuka. Ngati ikuthamanga liwiro limodzi lokha kapena kulumphalumpha mukamatembenuza kabatani, kawirikawiri ndi kabataniko kadzaza fumbi. Okonza mawailesi amadziwa kukatsuka kapena kukasintha, ndipo iwo omwewo ndi amene angayeze kabolodi. Mphemvu zimakonda kutentha kwa m'kabokosi kameneka, ndiye musadabwe ndi zimene mupezemo.

Wina asakunyengeni kuti mudumphe kabolodi n'kulumikiza mota mwachindunji ku 220V. Mota zambiri zotere ndi za DC, zimapsa nthawi yomweyo. Kabolodi kamadananso ndi jenereta yaing'ono imene mphamvu yake imakwera ndi kutsika, komanso invetala yotchipa. Amene muli ku Macanga, ku Chifunde kapena kumidzi ina kumene mumadalira sola, makinawa sadya magetsi ambiri ndipo amayenda bwino, koma invetala yake ikhale yolembedwa pure sine wave.

Fungo la vanishi wopserera ndi mawaya akuda mkati ndiye chizindikiro chokhacho chopitira kwa wokulunga mamota. Musanapite funsani mtengo, muyerekeze ndi wa makina ena a kaunjika.

Dzimbiri, kapampu ndi fumbi

Tebulo la chitsulo cha kasiti limachita dzimbiri m'nyengo ya mvula ndi ya nkhungu ya kumapiri kuno. Thirani parafini, khulani ndi sandipepa ya 220 kenaka ya 400 yokulungidwa pa kathabwa kafulati, pukutani, mupake phula la kandulo kapena polishi wa pansi n'kupukutanso. Oyilo ayi, amadetsa matabwa ndipo vanishi sagwira.

Kapampu ka mphira kamene kamauzira utuchi pa mzere kamang'aluka ndi kutentha, ndipo pa makina amene akhalitsa m'chigwa cha Zambezi simukapeza kali kamoyo. Kang'alu kakang'ono kamamatika ndi chigamba cha chubu cha njinga. Kakafumbutuka konse, ena amaikapo mphira wamakwinya wophimba CV joint pa ekiselo ya galimoto yaing'ono. Musazolowere kuuzira ndi pakamwa nkhope ili pafupi ndi thabwa, chifukwa mukapuma mumakokera fumbi lomwelo m'chifuwa, ndipo la MDF ndi la mitengo yolimba ndi loipa. Valani chotchinga mphuno, ndipo kapaipi kouzira kaloze kumbali, osati kwa inu.

Zimene sizikonzeka bwino ndi mkono wa aluminiyamu wosweka kapena wopindika. Kuwotcherera kumaukokera mbali imodzi ndipo zopanira sizidzayang'anizananso. Pogula, pukutani mikono yonse muyang'ane ming'alu pafupi ndi mabawuti. Makina otero agulidwe pa mtengo wa zida zosinthira basi.

Mukamaliza zonse, ikani mpeni watsopano wa nambala 5 kapena 7, mutenge thabwa louma la mamilimita 18, mubowole kabowo, mudule kabwalo kukula ngati chivundikiro cha botolo. Kachidutswa ka pakatiko kazituluka mokankhira pansi komanso mokankhira m'mwamba. Kakatulukira mbali imodzi yokha, bwererani ku tebulo. Kakakanirira mbali zonse ziwiri, onjezani kukunga ndipo muchepetse kukankha pokhota.